Za Bakha Amene Anasamuka pa Tsamba 14

Kwa Olemekezeka,
Bwana Wamkulu Woona za Kuwerenga ndi Kulemba m'Sukulu Zonse,
Ku Ofesi Yaikulu, chipinda cha pamwamba.

Olemekezeka Bwana,

Ndiyambe ndi kupepesa kuti munthu ngati ine ndalimba mtima kukulemberani. Ndine wosesa pa sukulu ya pulaimale ija munadzayendera mwezi watha, ija ya geti lobiriwira lomwe linapakidwa penti mbali imodzi yokha, mbali yoyang'ana kumsewu komwe munatulukira. Simungandikumbuke, ndipo si vuto lanu. Tsiku limenelo aphunzitsi aakulu anandiuza kuti ndikaime kuseri kwa thanki ya madzi pamodzi ndi tsache langa mpaka galimoto yanu itapita, poti ine ndi tsachelo tonse tinali okutha. Ndinakuonani ndili komweko. Munatchena kwambiri, ndipo nsapato zanu sizinagwire fumbi ngakhale pang'ono, zomwe zinandisangalatsa, chifukwa njira yonse munadutsayo ndinasesa ndine, kawiri.

Ine kuyankhula pagulu sinditha. Pa msonkhano wa makolo sabata yatha ndinakweza dzanja, anandiloza, ndinaimirira, anthu onse anatembenuka kundiyang'ana, ndipo chomwe chinatuluka pakamwa panga ndi "zikomo" basi, n'kukhala pansi. Anandiombera m'manja. Olemba za msonkhano analemba kuti makolo ndi okhutira. Ndiye ndaganiza kuti bola ndilembe, poti pepala siliyang'ana munthu m'maso. Sukulu ndinalekezera ku pulaimale komweko, choncho mukaona polakwika mundikhululukire. Ndinaphunzira njira zanu zatsopano zisanabwere, nthawi imene aphunzitsi ankataya nthawi kutionetsa chilembo chimodzichimodzi.

Nkhani yake ndi iyi. Ndili ndi mwana mmodzi, wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ali kalasi yachiwiri pa sukulu pomwepa. Anzake amamutcha Phee, poti anatengera ine. Pa mayeso a kuwerenga amene anachitika tsiku munabwera lija, ana 99 mwa ana 100 a m'kalasimo anakhoza. Wotsalayo anapeza ziro, ndipo ndi wanga. Lachisanu likubwerali mndandanda wa ana obwereza kalasi ufika pa tebulo lanu kuti musaine. Sudzakutopetsani, uli ndi dzina limodzi lokha.

Musaganize kuti ndabwera kudzadandaula. Ndani ine? Ndalemba kuti ndithokoze, chifukwa pa zaka zitatu zimene ndakhala ndikusesa m'makalasi amenewa ndaona zabwino zambiri zomwe mwatichitira, ndipo ndikuopa kuti mwina palibe amene anakufotokozerani bwinobwino.

Choyamba, ndikuthokozeni chifukwa cha wotchi. Ife kale tinkayesa kuwerenga ndi kuyang'ana zilembo n'kumva zomwe zikunena. Umbuli wokhawokha. Mutabweretsa ndondomeko yanu ya Kuwerenga kwa Liwiro m'pamene tinadziwa kuti mwana wabwino ndi amene amatulutsa mawu makumi asanu ndi limodzi pa mphindi imodzi, osapuma. Kalasi iliyonse inalandira wotchi yakuda ya chingwe, yovala m'khosi ngati ya oimbira mpira. Mawindo athu alibe magalasi, mabenchi amakwanira theka la ana, enawo amakhala pansi pomwe ndakolopa, koma wotchi ilipo, ndipo sinafepo. Madamu a kalasi yachiwiri amati ngakhale Lamlungu ataivula, chala chawo chachikulu chimangodina chokha munthu akayamba kuwapatsa moni.

Chachiwiri, ndikuthokozeni chifukwa cha bakha. Mayeso anu a teremu iliyonse amachokera pa tsamba limodzi lomwelo, tsamba 14 la buku la kalasi yachiwiri, ndipo zimenezi n'zanzeru, chifukwa kusinthasintha masamba kukanangosokoneza ana. Patsamba limeneli pali nkhani ya bakha wa azakhali. Mwina simunaimvepo, poti ofesi yanu ili kutali, ndiye ndikulembereni poyambira pake. Bakha wa azakhali ali padziwe. Bakha akusamba. Azakhali akuitana bakha. Bakha sakumva. Imapitirira choncho mpaka mawu makumi asanu ndi limodzi akwane, ndipo bakhayo satulukamo m'madzi. Ana amaiimba m'mawa uliwonse belu likangolira, onse pamodzi, buku limodzi lakale ana asanu ndi mmodzi. Ena amaliona chozondoka, ena chammbali, ena saliona n'komwe, koma onse amayendetsa chala monga munalamulira, ngakhale ndi pamsana pa mnzawo.

Zipatso zake zikuoneka dera lonse. Kalipentala wa kuseri kwa mpanda wa sukulu amapala matabwa motsatira kaimbidwe kake. Mwana wa aneba athu, wa zaka zitatu, amene sanapondepo m'kalasi ndipo akadali kuyenda wopanda kabudula, amaimaliza yonse mphindi isanakwane, kotero mwa malamulo anu akhoza kupita kalasi yachitatu mawa. Bambo anga, amene timakhala nawo ndipo khutu limodzi linagontha kalekale, amandifunsa ndikaweruka kuti, "Kodi mwana wanga, bakha uja amuvuula, kapena adakasambabe?"

Koma wopambana onse ndi mwana wamkazi wa wometa tsitsi, amene anzake amamutcha Wailesi. Ameneyu amatha tsamba lonse m'masekondi makumi awiri, maso ali kudenga. Bambo ake amanyadira kwambiri, moti Loweruka amamukhazika pa mpando wometera n'kumupatsa nyuzipepala kuti awerengere makasitomala. Akamutsegulira tsamba la mpira, bakha. Tsamba la za maliro, bakha. Kasitomala wina atadabwa, wometayo anati, "Achimwene, nyuzipepala za masiku ano n'zimodzimodzi zonse. Khalani bwino ndingakuduleni khutu. Mwana wangayu amawerenga ngakhale buku litatsekedwa, wanu angathe?" Sindikumunena mwanayo, Bwana, ndi mwana waulemu ndipo amandithandiza kunyamula chidebe. Anachita zomwe anauzidwa, ndipo anazichita bwino koposa.

Chachitatu ndi buku la aphunzitsi lija, lachikuto chofiira, lomwe limawauza chonena mphindi iliyonse kuti asavutike n'kuganiza. Madamu a kalasi yachiwiri aphunzitsa zaka makumi awiri. Amanena okha kuti kale ankayenda benchi ndi benchi, n'kugwada pafupi ndi mwana kuti amve pomwe akukakamira. Pano anapumula, chifukwa m'buku lofiira mulibe mphindi yogwada. Pa mphindi yachisanu ndi chiwiri bukulo limati mphunzitsi anene kuti, "Mwakhoza ana inu," ndipo Madamu amanenadi, chichitike chilichonse. Tsiku lina mphindiyo inakwana mwana wina atangosanza pa benchi. Anauzidwa kuti wakhoza. Ine ndinabwera ndi chidebe.

Chachinayi, kulemba. Apa ndiye ndilibe mawu. Makope a ana athu ndi okongola moti munthu ungawapachike pakhoma. Madamu amalemba pa bolodi, ana amakopera, ndipo amakopera mokhulupirika, osasiyako kanthu. Bolodi lathu lili ndi mng'alu wochokera pamwamba kumanzere kutsikira kumanja. Mukatsegula makope mupeza mng'aluwo pa tsamba lililonse, wojambulidwa mosamala. Pansi pa ntchito iliyonse pali mawu oti "Osafufuta," amene Madamu amalembera ine. Mwezi wa mvula mpopi utawonongeka, aphunzitsi aakulu analemba nambala ya foni ya wokonza mipopi pakona ya bolodi kuti asaiwale. Nambala imeneyo ili m'makope onse, ndipo yachongedwa. Ana amenewa akadzakula mpopi sudzawavuta.

Chachisanu, ndipo ichi ndi chachikulu, ndikuthokozeni chifukwa cha mabuku atsopano. Anafika kumayambiriro kwa chaka m'makatoni anayi, okulungidwa m'pulasitiki, onunkhira bwino. Kutsogolo kwake kuli chithunzi chanu mukumwetulira, ndi mawu anu oti mwana aliyense akhale ndi buku lake m'manja. Aphunzitsi aakulu anawatsekera m'kabati tsiku lomwelo, kiyi n'kumangirira pa lamba wawo. Sindikuwanena. Pepala lochokera ku ofesi yanu limafunsa teremu iliyonse kuti mabuku osang'ambika alipo angati, silifunsa kuti awerengedwa angati, ndipo iwo amati, "Buku lomwe mwana sanaligwire silikalamba." Ine ndimapukuta kabatiyo Lolemba lililonse, ndipo ndikuchitira umboni kuti mabukuwo ali ndi thanzi labwino kuposa ana.

Tsopano, Bwana, ndiulule milandu yanga, poti ilipo iwiri.

Woyamba ndi woti ndinamuphunzitsa mwana wanga kuwerenga popanda chilolezo. Sindinachite dala. Phee phokoso limamuopsa, ndiye anzake akamaimba bakha iye amangoyendetsa milomo. Masana ana akaweruka amatsala nane ndikusesa, poti kunyumba agogo ake amagona. Tsiku lina anatola pepala lokulungira sopo m'zinyalala n'kundifunsa kuti kanthu kokhota ngati njoka aka n'kachiyani. Ndikanamuuza kuti akafunse Madamu pa mphindi yoyenera. Koma ine, ndi umbuli wanga, ndinati ameneyo ndi "s". Anafunsa kotsatira, ndinamuuza. Tinayamba choncho, ndi tizidutswa ta choko totsala pansi pa bolodi, sa se si so su pa simenti, ine n'kukolopa pambuyo pake kuti umboni usapezeke. Tinamaliza mapepala a sopo, tinalowa matumba a shuga, mabokosi a machesi, botolo la mankhwala a chifuwa a bambo anga.

Zotsatira zake n'zochititsa manyazi. Mwanayu amawerenga pang'onopang'ono ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala, kuponda phatikizo limodzi, kuima, kuponda lina. Akafika kumapeto kwa chiganizo amaima n'kufunsa kuti chifukwa chiyani. Pamsewu tinkachedwa naye, chifukwa chikwangwani chilichonse ankachiimirira. Tsiku lina pafupi ndi msika anaima kumbuyo kwa abambo ena amene anayang'ana kukhoma, n'kuwerenga ndi kamawu kake kakang'ono zomwe zinalembedwa pamwamba pa mutu wawo, "O-sa-ko-dza pa-no." Abambowo anathawa asanamalize. Mukuona nokha kuti kuwerenga kotereku kumasokoneza mtendere wa anthu, pomwe bakha sanalakwirepo munthu.

Mlandu wachiwiri ndi wa tsiku munabwera lija. M'mawa, penti wa geti asanaume, aphunzitsi aakulu anamasula kiyi pa lamba n'kundipatsa. Anati, "Mayi inu, mabuku akalewo mukawabise mu sitolo, alendo angawaone. Mutulutse atsopano, mwana aliyense lake, koma muwawuze agwire m'mphepete." Ndinachita monga anandiuzira. Ndinang'amba mapulasitiki, ndinayala buku pamalo pa mwana aliyense. Ana ena anawanunkhiza. Palibe mphunzitsi amene anali atatsegulapo ngakhale limodzi, ine ndemwe sindinatsegule, poti manja anga anali onyowa. Chimene tonse sitinadziwe n'choti ku ofesi yanu, posindikiza mabuku atsopanowo, munawonjezera masamba awiri kutsogolo, la chithunzi chanu ndi la mawu anu. Bakha anasunthira kutsogolo. Pa tsamba 14 panabwera nkhani ina, ya kusamba m'manja, yokhala ndi chithunzi cha mpopi ndi sopo.

Thanki ya madzi yomwe anandiimika ili pafupi ndi windo la kalasi yachiwiri, ndipo monga ndanena, windolo lilibe galasi. Ndinaona zonse. Inu munakhala pa mpando wa aphunzitsi aakulu, umene ndinanyamula ndine kuchokera ku ofesi. Pambali panu panali mayi wa ku ofesi yanu woyesa ana, atanyamula wotchi ku dzanja limodzi, cholembera ku dzanja lina, pamiyendo pali mulu wa mapepala a mayeso. Pa mapepalawo panali nkhani ya bakha, monga mwa masiku onse. Ntchito yawo inali kutsatira mawu pa pepala lawo, kudula amene mwana walakwa, ndi kuyang'ana wotchi. Maso awiri, ntchito ziwiri, lachitatu loyang'ana m'buku la mwana analibe.

Mayi woyesayo anati, "Tsegula tsamba 14." Wailesi anayamba. Anaika chala pa mawu oti sambani n'kunena kuti bakha. Anachiyendetsa mpaka pa sopo n'kunena kuti azakhali. Anadutsa pa chithunzi cha mpopi akutiuza kuti bakha sakumva. Masekondi makumi awiri, mawu onse okhoza. Inu munagwedeza mutu n'kuuza aphunzitsi aakulu kuti mwana uyu adzafika patali. Anabwera wachiwiri, wachitatu, wa makumi asanu, onse tsamba 14, onse bakha, mpopi ukuwayang'ana. Ndikunena zoona, Bwana, zinali zokoma kumva. Nanenso kuseri kwa thanki ndinkayendetsa milomo.

Kenako anaitana Phee. Anayenda ngati akupita kukabayidwa jakisoni, buku ataligwira m'mphepete monga ndinawauzira. Anatsegula tsamba 14, n'kuchita chinthu chomwe palibe mwana wina anachita m'mawa wonsewo. Anayang'anamo. Ndinamuona akukwinya nkhope, akutembenuza tsamba kuona nambala ngati ndi yomweyo. Anayang'ana Madamu, koma Madamu anali kuyang'ana inu. Ndiye anaika chala pa chilembo choyamba, njoka yake ija, n'kuyamba. "Sa-mba-ni m'ma-nja ndi so-po mu-sa-na-dye."

Mayi woyesa aja, maso ali pa pepala lawo, anadula bakha. Anadula azakhali. Anadula dziwe. Lamulo lanu lachifundo limati mwana akalephera mawu khumi oyamba aletsedwe, kuti asapitirize kuchita manyazi. Anadina wotchi n'kunena, osadzutsa mutu, "Basi mwana iwe, wayesetsa. Wotsatira." Phee anali atangofika pa mawu oti majeremusi, amene tinali tisanakumanepo nawo pa pepala la sopo lililonse, ndipo anali atawoloka kale theka lake. Anabwerera pamalo pake chala chidakali m'buku, pomwe analekezera.

Pambuyo pake munayankhula pabwalo, ndipo mawu anu anali amphamvu. Munati sukulu yathu ndi chitsanzo kwa zonse. Munapereka satifiketi ya m'galasi. Munafunsanso kuti makolo a mwana mmodzi wotsalayo ali kuti, n'kunena kuti makolo osalabadira otere ndi amene akubweza ana m'mbuyo. Ndinali kuseri kwa thanki, Bwana. Pepani kuti sindinayankhe.

Galimoto yanu itangotuluka pa geti, ndinauzidwa kutolera mabuku aja n'kuwabwezera m'kabati asanazolowere kunja. Ndikutolera ndinatsegula limodzi kuti nditsimikize kuti makutu anga sanandinamize, ndipo ndinapita nalo kwa Madamu. Ndinangowatsegulira. Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, anayang'ana nambala, anakhala pansi pa benchi la ana, n'kuyamba kuseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa kuti kuseka kunathera pati. Atapukuta kumaso anati, "Amake Phee, m'kalasi monse muno ndili ndi mwana mmodzi wowerenga, ndipo ndi amene ndimubwereze. Koma ine sindinaone kanthu. Ndatsala ndi zaka zinayi kuti ndipume pa ntchito, musandiphe."

Kwa aphunzitsi aakulu ndinapita kawiri. Ulendo woyamba ndinaima pakhomo, anandifunsa chomwe ndikufuna, ndipo ndinapukuta chitseko n'kubwerera. Ulendo wachiwiri ndinalimba mtima, ndinanena zonse ndikuyang'ana pansi. Anandimvetsera bwino. Atatero analoza satifiketi ija pakhoma n'kunena kuti, "Mayi inu, msomali uwo ndinakhoma ndekha. Mukati mwana wanu anawerenga zoona, ndiye kuti ana 99 ananama, Madamu ananama, ine ndinanama, a Bwana nawonso anaombera m'manja zabodza. Inu ndi tsache lanulo mungazisenze zimenezo? Chaka chimodzi si kanthu. Abwereze, aloweze bakha ngati anzake, chaka chamawa adzakhoza bwinobwino." Anandiyamikiranso kuti khonde likuwala.

Ndinaganizira mawu awo ndipo ndinaona kuti ndi anzeru. Kubwereza mwana mmodzi n'kosavuta kusiyana ndi kuzula msomali. Ndikanangokhala chete, poti ndi ntchito yomwe ndimaidziwa kuposa kusesa.

Chandilembetsa kalatayi ndi chomwe ndikuona kunyumba. Anzake akumutcha Ziro tsopano, dzina la Phee analisiya. Zimenezo zidzatha. Koma pamsewu sitikuchedwanso. Amadutsa zikwangwani zonse mutu uli pansi, ndipo timafika msanga kulikonse. Botolo la mankhwala agogo ake akamupatsa amati maso akumuwawa. Dzulo masana ndinamupeza atakhala pakhomo, maso atatsinzina, chala chikuyenda pa bondo, akunong'ona za bakha. Anali atafika pa masekondi makumi anayi, akuwerengetsa yekha. Atandimva anatsegula maso n'kundifunsa kuti, "Amayi, ndikapanda kuyang'ana ndimakhoza. Ndizingosiya kuyang'ana?" Ine amene ndinamuonetsa njoka pa pepala la sopo ndinangolowa m'nyumba kukafuna cholembera.

Choncho, Olemekezeka Bwana, ndikugwada pamaso panu ndi kapempho kamodzi kakang'ono. Sindikupempha kuti mubwerenso, poti penti anatha ndipo mbali inayo ya geti ingakukhumudwitseni. Sindikupempha kuti muzule satifiketi, ndimaipukuta ndine ndipo ndayamba kuizolowera. Madamu musawakhudze, Wailesi musamukhudze, mayi woyesa aja musawakhudze, onse anatsatira buku lofiira mzere ndi mzere. Ngati pafunika wina wolangidwa, ndilipo ine, ndipo kuseri kwa thanki ndikudziwako.

Ndikupempha izi zokha. Lachisanu mndandanda uja ukafika pa tebulo lanu, musanatsegule cholembera, mutume wina akutengereni buku limodzi latsopano la kalasi yachiwiri. Simudzavutika kulizindikira, lili ndi nkhope yanu. Mudutse tsamba la chithunzi, mudutse la mawu anu, mupitirire pang'ono mpaka pa tsamba 14, malo amene ndikukhulupirira kuti ku ofesi yanu palibe amene anafikako. Mukafika pamenepo muike chala pa mzere woyamba, muyang'ane chilembo chilichonse, muwerenge mokweza zomwe zalembedwa. Musathamange, palibe adzakugwirireni wotchi. Mukapezapo bakha, sainani, ndipo ine ndidzamuuza mwana wanga kuti inde, azitsinzina. Mukapezapo sopo, ndiye kuti inunso, Bwana, mwa malamulo anu omwe, mwapeza ziro, ndipo ndikupempha modzichepetsa kuti pa mndandandapo mufufute dzina limodzilo, kapena mulembepo awiri.

Ine wanu wokusungirani ulemu wonse,

Wosesa wa pa sukulu ya geti lobiriwira,
mayi wake wa mwana wa ziro uja.